ZA UMOYO WA M'BANJA: Fumbi la m'Mipope ndi Fumbi la pa Mphasa

Mwezi uno tikambe za nthenda imene isautsa mabanja ambiri, ndiyo kuyetsemula kosaleka, kuyabwa kwa maso ndi kubanika usiku, pamene munthu alibe malungo kapena chimfine. Nthenda yotere iyamba m'thupi momwe, pakuti thupi liyesa kanthu kosapweteka kuti ndi mdani, nililimbana nako. Mwa ana ena iutsa mphumu. Tsono mdaniyo abisala kuti? Timve zimene anapeza anthu a kutali, pakuti m'menemo muli phunziro lathu.

Ku America ndi ku Canada kuzizira kwambiri, ndipo nyumba zambiri zili ndi mipope yaikulu yobisika m'denga kapena pansi, imene itengera mpweya wofunda kapena wozizira ku zipinda zonse. Popita zaka, fumbi liunjikana m'mipopemo. Alipo amalonda amene nchito yao ndi kuitsuka, nauza makolo kuti mwana wobanika adzapeza bwino akaitsuka.

M'chaka cha 1997, bungwe la boma la America loyang'anira za chilengedwe, lochedwa EPA, linalemba malangizo pa nkhaniyi. Linati mtengo wache wa nchitoyi unali kawirikawiri madola 450 kufikira 1,000, koma panalibe umboni woti kutsuka mipope kuletsa matenda. Chifukwa chache ndi ichi: fumbi lambiri limatirira m'kati mwa mpope, nilikhala momwemo osalowa m'chipinda. Ndiponso wotsuka wosasamala angathe kulitakasa, nalimwaza m'nyumba monse. Bungwelo linati kutsuka kuyenera pa zifukwa zitatu: ngati m'mipope mwamera chuku chooneka ndi maso, ngati mwalowa makoswe kapena tizirombo, ndi ngati fumbi lachuluka kotero kuti lituluka ndithu nililowa m'zipinda.

Nanga mdani ali kuti? M'chaka cha 1964, akatswiri a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, Voorhorst ndi Spieksma, anaonetsa kuti m'fumbi la m'nyumba mukhala kachirombo ka miyendo 8, mbale wache wa nkhupakupa. Nkochepetsetsa, kotero kuti titatu tondondozana tingokwana milimita imodzi. Sikaluma munthu ai. Kadya timakungu touma timene tiyoyoka pa thupi lathu, ndipo chimene chidwalitsa munthu makamaka ndi ndowe zache, akazipuma. Kakonda malo ofunda ndi a chinyezi, ndiye kuti matiresi, pilo, bulangeti ndi nsalu zosungidwa nthawi yaitali. Ndowezo sizichedwa m'mwamba, zigwa msanga. Motero munthu azipuma kwambiri pamene mphuno yache ili pa chogonera usiku wonse.

Mwaona tsono kuti kholo lingathe kutaya ndalama zambiri pa mipope ya m'denga, pamene mdani agona ndi mwana pa pilo mmodzi. Akulu anati, konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

Ife a kumudzi tilibe mipope yotere, koma kachiromboka kapezeka m'maiko onse kumene kuli chinyezi, ndipo nyengo ya dzinja ikakomera. Chifukwa chache, amai ndi abambo, ngati muli ndi mwana wobanika, chitani izi.

Choyamba, chapani zofunda zache sabata ndi sabata. Madzi otentha ndithu, ofika madigiri 60, apha tizirombo; madzi ozizira sapha tonse, komabe atsuka ndowe zao.

Chachiwiri, tulutsani mphasa, mabulangeti ndi matiresi, muziyanike pa dzuwa la masana kwa maola angapo, pakuti kutentha ndi kuuma zipha tizirombo. Pozikuntha, wodwalayo akhale patali.

Chachitatu, wazani madzi pansi musanasese, ndipo mwanayo atuluke kufikira fumbi litagwa. Pansi pakayamba kufumbuka, zirani msanga.

Chachinai, tsegulani mazenera usana, tsekani podontha pa denga kuti chuku chisamere pa khoma, ndipo musasiye mbale zosatsuka usiku, pakuti mphemvu nazonso ziutsa mphumu.

Chachisanu, musasonkhe moto kapena kusuta fodya m'chipinda chogona mwana. Utsi upweteka chifuwa cha munthu ali yense, koma wa mphumu umpweteka koposa.

Zonsezi zichepetsa msautso, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Mwana akayamba kulira m'chifuwa popuma, nthiti zikamalowa m'kati, kapena akalephera kutsiriza mau chifukwa cha befu, musadikire kuti kuche: thamangani naye ku chipatala. Ndipo ngati muli ndi mbale ku America amene afuna kuitana otsuka mipope chifukwa cha mwana wache, mumuuze ayambe wayang'ana pa bedi.