Mwana Akafuna Kuphunzira za Malamulo

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, m'mabanja ambiri mumakhala kukambirana za kumene mwana angapite kukapitiriza maphunziro. Mwa ntchito zimene ana athu amazilakalaka, uloya ndi umodzi wa zotchuka, pakuti iwo amaona maloya atavala mikanjo yakuda, akulankhula molimba mtima m'bwalo la milandu, ndipo amamva kuti malipiro ake ndi ochuluka. Tsono funso limene makolo amathamangira kufunsa ndi lakuti: kodi sukulu yotchuka koposa ndi iti? Mwezi uno tiyeni tilingalire funso limeneli modekha, chifukwa banja likhoza kugulitsa ng'ombe ndi zokolola za zaka zinayi, mwana n'kubwerako ndi pepala losamuloleza kuimirira pamaso pa woweruza.

Kale munthu wa dziko lino wofuna uloya ankayenera kuwoloka nyanja. A Orton Chirwa, amene anali loya woyamba mwa mbadwa za kuno, anakaphunzira ku London, ndipo anavomerezedwa ku Lincoln's Inn m'chaka cha 1958. Yunivesite ya Malawi itayamba kuphunzitsa mu 1965, maphunziro a malamulo anayambira ku Mpemba, kufupi ndi Blantyre, kenaka anasamukira ku Zomba pamodzi ndi Chancellor College mu 1973. Kwa zaka zambiri kunalibe kwina kophunzirira malamulo m'dziko muno, kotero oweruza ndi maloya ochuluka anatulukira kumeneko. Mmodzi wa iwo ndi Mayi Anastasia Msosa, amene mu 2013 anakhala mayi woyamba kutsogolera mabwalo onse a milandu. Kuchokera mu 2021, sukulu ya ku Zomba ija ndiyo ikutchedwa Yunivesite ya Malawi payokha. Lero ziliponso sukulu zina zophunzitsa malamulo, monga yunivesite ya Akatolika ku Nguludi, ndiponso ana ena amapita kunja kapena kuphunzira mwa makalata ndi pa intaneti. Kuchuluka kwa sukuluku n'kumene kwabweretsa udindo wosankha.

Musanafunse za kutchuka, yambani mwafunsa ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Digiri ya malamulo payokha simpatsa munthu mphamvu yoimira mnzake pa mlandu. Munthu amasanduka loya akalandiridwa ndi Bwalo Lalikulu, nakhala m'bungwe la maloya la Malawi Law Society, ndi kutenga chiphaso chimene chimakonzedwanso chaka ndi chaka. Kuti afike pamenepo, maphunziro ake ayenera kuzindikiridwa ndi mabungwe awiri. Loyamba ndi NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti liziyang'anira sukulu zonse za ukachenjede. Lachiwiri ndi Council of Legal Education, limene limayang'anira maphunziro a malamulo okha. Palinso sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, yokonzekeretsa omaliza digiri ku ntchito yeniyeni ya m'bwalo ndi ku mayeso a uloya. Dziwani kuti yunivesite ikhoza kukhala yololedwa kuphunzitsa zinthu zina, pamene maphunziro ake a malamulo sanavomerezedwe. Chifukwa chake musakhutire ndi mawu a pa chikwangwani kapena a pa wailesi. Lemberani mabungwewa, mulandire yankho lolembedwa musanapereke fizi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Amene mukuganiza zotumiza mwana kunja, mudziwenso ichi. Malamulo sali ngati masamu, amene ali chimodzimodzi kulikonse. Malamulo athu anachokera ku maziko a ku England, monganso a ku Zambia, pamene a ku South Africa ndi ku Zimbabwe anamangidwa pa maziko ena otchedwa Roman-Dutch. Sukulu za ku Cape Town ndi ku Johannesburg ndi zomveka dziko lonse lapansi, koma mwana wophunzira kumeneko, akafuna kudzagwira ntchito kwawo kuno, adzayenerabe kuphunzira malamulo a Malawi ndi kukwaniritsa zimene mabwalo athu afuna. Nthawi ndi ndalama zimenezo muziwerengeretu.

Mukatsimikiza za kuvomerezeka, pamenepo yesani mbiri ya sukuluyo. Nyumba zosanja ndi magalasi owala zisakunyengeni, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani kuti aphunzitsi okhazikika alipo angati, ndipo angati amangobwera madzulo ataweruka kwina. Lowani m'nyumba ya mabuku, muone ngati muli mabuku a zigamulo za mabwalo athu, chifukwa loya amaphunzira ntchito yake powerenga milandu imene inaweruzidwa kale. Funsani ngati ophunzira amayeserera kuzenga milandu, ndiponso ngati amathandiza anthu osauka moyang'aniridwa ndi aphunzitsi. Koposa zonse, funani anthu awiri kapena atatu amene anamaliza kumeneko, mumve kumene ali lero. Onaninso njira yolowera. Kwa zaka zambiri ku Zomba sankatenga mwana wochokera ku Fomu 4 mwachindunji. Ankayamba waphunzira chaka m'maphunziro ena. Werengani zofunikira za chaka chimene mwana wanu akulembera.

Nanga za ntchito? Ana ambiri amangoona maloya oima paokha a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Koma wophunzira malamulo akhoza kugwira ntchito ku Unduna wa Zachilungamo, kukhala majisitireti, kulowa ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ku mabanki, ku makampani, kapena ku Legal Aid Bureau kumene amaimira anthu osatha kulipira loya. Zaka zoyamba zimakhala za kuwerenga usiku ndi kunyamulira akuluakulu mafayilo, ndipo chuma sichibwera msanga. Mwana wosakonda kuwerenga ndi kulemba, ngakhale akhale wa pakamwa potani, ntchito imeneyi idzamlemera. Ndipo kusowa kwenikweni kuli kumidzi kwathu. Lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye linaletsa kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake, koma alipo amayi angati m'mipingo mwathu amene analandidwa nyumba popanda wowauza kuti lamulo lili kumbali yawo?

Ife a Chipresibiteriyani tili ndi chitsanzo pafupi. John Calvin, wobadwa mu 1509, anatumizidwa ndi atate wake kukaphunzira malamulo ku Orléans ndi ku Bourges, sukulu zomveka za ku France masiku amenewo, chifukwa atatewo anaona kuti uloya umalemeretsa. Chumacho Calvin sanachipeze. Koma luso losanja mfundo limene analitenga kumeneko ndilo linamthandiza kulemba malongosoledwe a mpingo wa ku Geneva mu 1541, ndipo ulamuliro wa akulu a mpingo umene tili nawo lero unazika mizu m'menemo. Atate anasankha sukulu poyang'ana thumba, Mulungu nagwiritsa maphunzirowo ntchito ina.

Kumbukiraninso za pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anagamula mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha mu 2019. Chigamulo chisanaperekedwe, mkulu wa mabwalo anakanena ku ACB kuti panali ofuna kupereka ziphuphu kwa oweruzawo. Chaka chomwecho bungwe la Chatham House la ku London linawapatsa mphoto chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Palibe yunivesite imene imalemba kukana chiphuphu pa digiri. Khalidwe limenelo mwana amaliphunzira pakhomo, poona mmene atate ndi amayi ake amasungira ndalama za mpingo, amabwezera ngongole, ndi kunena zoona pa mlandu wa malire a munda.

Pa mapemphero a madzulo sabata ino, werengani ndi ana anu Eksodo 18 ndi Deuteronomo 16, muone anthu amene Mulungu amawafuna pa mpando woweruza. Mukatero, lembani makalata ofunsa aja, ndipo musankhe sukulu mutalandira mayankho. Ambuye akutsogolereni.