Mabenchi a m'vidiyo sho asatigawire ndalama za masewero

Loweruka lililonse nyengo ya ligi ya ku England ikafika, pamisika ya m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira pa Golomoti kudzera pa Mua mpaka pa Mtakataka, pamatuluka timabolodi tolembedwa ndi choko: Arsenal ndi Chelsea, Man U ndi Liverpool, nthawi yake ndi mtengo wolowera. Kuseri kwa kabolodiko kuli chipinda chamdima, mazenera atatsekedwa ndi masaka kapena mabulangete, mabenchi atandandalikidwa, sipika ili panja kukopa odutsa, jenereta ili chire kudikira kuti magetsi azime. M'katimo mumadzaza mpaka ena kuimirira kukhomo. Anthu amene amagawa ndalama za masewero m'dziko muno, kaya ndi makampani, aphungu kapena akuluakulu a kuboma, akaona khamu lotere amati mlandu watha: Amalawi amakonda mpira wamiyendo, wamanja ndi wongoperekeza. Umboni umenewu ndi wopunduka. Chimene vidiyo sho imatiuza ndi chakuti ndani ali ndi ndalama m'thumba, nthawi yopuma ndi ufulu wokhala m'chipinda chotero. Za chimene anthu a dera lonse amakonda, imatiuza zochepa kwambiri.

Tiyambe ndi amene akhala pamabenchipo. Ndi anyamata a kabaza, ogulitsa pamsika, aphunzitsi achimuna, asodzi amene akwera kuchoka kunyanja. Amayi ndi atsikana ungawawerenge ndi dzanja limodzi, ndipo chifukwa chake aliyense akuchidziwa: mtsikana wolowa m'vidiyo sho madzulo amanenedwa m'mudzi. Onaninso nthawi. Masewero a Loweruka masana ku England amayamba 4 kapena 5 koloko madzulo kuno, malinga ndi nyengo, ndiye nthawi imene mayi ali kumjigo kapena akusonkha moto wa nsima. A Champions League amayamba usiku anthu atatseka kale zitseko. Kunyumba nakonso kanema kulibe. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi wailesi yakanema m'dziko muno anali pafupifupi 12 pa 100 alionse, ndipo ambiri mwa amenewo ali m'tauni. Pa Golomoti pomwepa pali malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 20, amene anayamba ntchito mu 2022, koma magetsiwo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo nyumba zambiri za m'midzi ya kumunsi kwa mapiri kuno usiku zimadalirabe tochi ndi kasola kakang'ono. Choncho tikawerenga mitu ya m'vidiyo sho n'kunena kuti tamva maganizo a anthu a kwa Kachindamoto, tili ngati munthu amene wayeza mpunga wa sikimu yonse ya Bwanje poyang'ana thumba limodzi limene lafika kuchigayo.

Palinso funso lina limene okonda umboni wa kanema safuna kulifunsa: kodi anthuwo akuonera mpira wa yani? Pakabolodi paja sipalembedwa kawirikawiri Bullets ndi Wanderers, ngakhalenso Dedza Dynamos, timu ya boma lathu lomwe lino imene imasewera kumtunda uko. Pamalembedwa matimu a ku London, Manchester ndi Madrid. Ena mwa okhala pamabenchipo agwira kapepala ka kubetcha m'manja, mtima uli pa zigoli za matimu asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ndipo kukuwa kwawo n'kwa ndalama imene aponya, osati kwa mpira. Tikati titsate mfundo yakuti chimene chili ndi oonera ambiri pa kanema ndicho chiyenera thandizo, ndiye kuti Super League ndi Flames zomwe zagwa nawo, ndalama zathu tizitumiza ku England. Palibe amene amanena zimenezo. Pa mpira wamiyendo timavomereza kuti timu yathu ndi yathu ngakhale oonera Arsenal achuluke. Muyezo wa kanema timautulutsa pokhapokha tikafuna chifukwa chomanira mpira wamanja.

Pa mpira wamanja, pamene timamanapo, ndi pomwe dziko lino lili ndi mbiri yooneka. Flames, timu ya dziko lino ya mpira wamiyendo, sinapiteko ku World Cup, ndipo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations yafikako katatu, wa 1984, wa 2010 ndi wa 2021. Tinasangalala zedi pamene inathira Algeria zigoli 3 kwa 0 ku Angola mu 2010, ndiponso pamene Gabadinho Mhango anamenya chigoli chakutali chija pokumana ndi Morocco ku Cameroon, ndipo chisangalalo chimenecho palibe akuchinyoza. Koma Queens, timu ya dziko lino ya mpira wamanja, yakhala zaka zambiri ili m'gulu la matimu khumi apamwamba padziko lonse. Inatha pachisanu pa mpikisano wa dziko lonse ku Auckland mu 2007, m'masiku a Mary Waya. Mu 2015 ku Sydney, Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Cup. Mu 2016 inatenga malo achitatu pa Fast5 ku Melbourne, ndipo mu 2018 pa masewero a Commonwealth ku Gold Coast inagonjetsa New Zealand ndi mabasiketi 57 kwa 53. Ndi angati pa Mtakataka amene anaona masewero amenewo ndi maso? Ochepa. Kum'mawa kwa Australia nthawi ili patsogolo pa yathu ndi maola asanu ndi atatu, ndipo palibe mwini vidiyo sho amene akanayatsa jenereta nthawi yachilendo chifukwa cha masewero amene makasitomala ake sanawazolowere. Chinthu chimene sichionetsedwa sichingakhale ndi oonera, kenaka kusowa kwa oonerako n'kukhala chifukwa chosachionetsera. Zipatso za zimenezi zayamba kuoneka: ku Cape Town mu 2023 Queens inatha pachisanu ndi chiwiri, kumbuyo kwa Uganda ndi South Africa.

Wofuna kudziwa ngati mpira wamanja uli ndi anthu apite kusukulu ya pulayimale iliyonse ya kumunsi kuno. Pambali pa bwalo la anyamata apeza kabwalo kena kadothi, mizere yake itakumbidwa ndi khasu kapena kuthiridwa phulusa, kumapeto kuli mitengo iwiri ya bulugama yokhala ndi mkombero wachitsulo wopindidwa kwa owotcherera. Atsikana akusewera osavala nsapato, ena atamanga chitenje m'chiuno, mpira uli umodzi wa sukulu yonse, ndipo ukaphulika amakulunga wa mapepala a pulasitiki. Amayi a m'mipingo ndi a m'magulu a banki m'khonde nawo amakhala ndi matimu awo. Zonsezi zimachitika popanda kamera, popanda mphotho yooneka, popanda wolemba nkhani. Tisaiwalenso kuti kanema anafika mochedwa m'dziko muno: Television Malawi inayamba mu 1999. Bullets ndi Wanderers zinali ndi masapota adzaoneni zisanaonekepo pa kanema, kudzera pa wailesi ya MBC ndi pakamwa pa anthu. Chikondi cha masewero chimabadwira pabwalo, kanema amangochipeza.

Dziko la Ireland lili ndi phunziro pankhaniyi. Kumeneko kuli masewero akale a makolo awo otchedwa hurling, oseweredwa ndi ndodo yophwatalala kumapeto ndi kampira kolimba, osewera 15 mbali iliyonse. Anthu a ku Ireland amakondanso mpira wamiyendo ngati ife. Ali ndi masapota ambiri a Liverpool ndi Manchester United, ndipo dziko lonse linapenga pamene timu yawo inafika mu ndime ya makotafainolo pa World Cup ya 1990. Kunja kwa Ireland hurling sadziwika kwenikweni, ndipo osewera ake salandira malipiro. Komabe tsiku la fainolo bwalo la Croke Park ku Dublin, lolowa anthu opitirira 82,000, limadzaza, ndipo amene atsala kunyumba amaonera pa kanema wa boma, RTÉ. Izi sizinangochitika zokha. Bungwe la GAA, limene linakhazikitsidwa mu 1884, linamanga masewerowa pa timakalabu ta m'midzi ndi m'maparishi, kotero kuti mwana amasewerera kwawo ndipo akakula amaimira boma lake, kaya Kilkenny, Cork kapena Limerick. Lamulo la dzikolo linaika mafainolo amenewa m'gulu la zochitika zoyenera kuonetsedwa pa kanema waulere. Pamene masewero ena akuluakulu a hurling anaikidwa pa intaneti yolipira mu 2023, anthu anadandaula kwambiri mpaka andale analowererapo. GAA inayesaponso njira yoletsa: kwa zaka zambiri mamembala ake sankaloledwa kusewera kapena kuonera mpira wamiyendo, koma lamulo limenelo linachotsedwa mu 1971, ndipo hurling sanafe. Chimene chinamusunga ndi bwalo la m'mudzi ndi kanema amene aliyense angathe kumuona. UNESCO inazindikira hurling ngati chuma cha chikhalidwe mu 2018, ulemu umene gule wamkulu analandira kale mu 2005, ndipo pano pa Mua, pamene pali nyumba ya Chamare yosunga mbiri ya guleyu, palibe angayerekeze kuyeza kukondedwa kwa gule powerenga amene amamuonera pa kanema.

Wina adzati: zonsezi zamveka, koma ngakhale titachotsa kanema, mpira wamiyendo uli ndi anthu ambiri kuposa wamanja, tapitani pabwalo la m'mudzi Lamlungu mukaone. Nzoona, ndipo palibe chifukwa chokanira. Mpira wamiyendo ndi wa dziko lonse lapansi, ndipo lero atsikana nawo akuukonda poona kumene Tabitha ndi Temwa Chawinga afika. Koma kukhala wachiwiri sikufanana ndi kukhala wopanda anthu. Komanso khamu la pabwalo lija timalikonza tokha. Pa zikho ndi mabonanza amene aphungu ndi ofuna mipando amakhazikitsa, chizolowezi n'chakuti fainolo ya atsikana imaseweredwa koyamba, dzuwa lili paliwombo, m'chigwa chotentha ngati chino, anthu asanasonkhane, mlendo wolemekezeka asanafike. Anyamata amalowa dzuwa litapendeka, zimkuzamawu zitayatsidwa, ndipo envelopu yawo imakhala yonenepa kuposa ya atsikana. Tikatero n'kumati taonani, wamanja ulibe oonera.

Wina adzatinso bizinesi ndi bizinesi, kampani imaika ndalama pamene pali maso ambiri, ndipo mwini vidiyo sho amalipira dishi ndi mafuta mwezi ndi mwezi, sangaonetse zimene sizimubwezera. Pamenepa palibe womudzudzula. Munthuyo akufuna chakudya cha ana ake, ndipo Arsenal ndiyo imamubweretsera. Koma si ndalama zonse za masewero zimene zili za malonda. MBC imayenda ndi misonkho ya anthu onse, kuphatikizapo amayi amene salowa m'vidiyo sho. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu ndi za khonsolo ndi za anthu onsenso. Bwalo la Bingu ku Lilongwe linatsegulidwa mu 2017, pamene Queens, itatchuka kale padziko lonse, inkakonzekerabe masewero pabwalo lapanja la Blantyre Youth Centre, ndipo nyumba ya masewero yotchedwa dzina la Griffin Saenda inadzamangidwa chifukwa cha masewero a Region 5 a mu 2022. Mpira wamiyendo uli ndi FIFA imene imatumiza ndalama ku bungwe lake la FAM chaka ndi chaka, pamene bungwe la mpira wamanja la NAM lilibe kholo lolemera chotero. Ngati pali masewero amene ndalama ya boma ingasinthe zinthu msanga, ndi amenewa. Makampani nawo aganizepo bwino: amene amagula sopo, mafuta ophikira, mchere ndi shuga pamsika wa Golomoti ndi amayi omwe aja amene sawerengedwa pamabenchi.

Ena akuyembekeza kuti foni ithetsa vutoli, poti lero masewero amaulutsidwa pa Facebook ndipo aliyense angaonere ali pakhonde. Mwina mtsogolo. Pakali pano bandulo ndi yodula, netiweki imavuta ukangochoka pamsewu waukulu, ndipo m'mabanja ambiri a kumudzi foni yaikulu ikakhalapo imakhala m'thumba mwa bambo. Chida chimene chimafika m'khitchini ndi kudimba ndi wailesi, ndipo kalembera yemwe uja anapeza kuti mabanja okhala ndi wailesi anali ochuluka pafupifupi katatu kuposa okhala ndi kanema. Mawailesi athu amaulutsa mpira wamiyendo Loweruka ndi Lamlungu lililonse, mphindi ndi mphindi, ndi owulutsa amene mayina awo ana amawadziwa. Masewero a Kukoma Diamonds, Tigresses, Civonets kapena Blue Eagles Sisters kawirikawiri amangotchulidwa zotsatira zake kumapeto kwa nkhani. Kuulutsa masewero a mpira wamanja pa wailesi kumangofuna munthu mmodzi wodziwa malamulo ake, maikolofoni ndi ola limodzi.

Zimene zingachitike kumunsi kuno sizikufuna msonkhano wa ku Lilongwe. Wokhazikitsa chikho chotsatira pa Golomoti kapena pa Mtakataka aike fainolo ya atsikana nthawi imene anthu asonkhana, alengeze mphotho za mbali zonse ziwiri poyera, ndipo akaona kuti kusiyana kwake kukumuchititsa manyazi, akonze. Makomiti a sukulu akamagula mipira agule ya mitundu yonse iwiri. Khonsolo ya Dedza ikamakonza ndondomeko ya ntchito za chitukuko iikemo bwalo limodzi lasimenti la mpira wamanja kumunsi kwa mapiri kuno, kuti mtsikana wa ku Mua amene ali ndi dzanja loponya asadzayambe kuponda bwalo lenileni tsiku limene wapita kukayesedwa ku timu ya mumzinda.