Wakutsina khutu ndi mnansi, koma asalizule

Makolo ankati wakutsina khutu ndi mnansi. Ananena kutsina, sananene kuzula. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndiko kwatisokonekera masiku ano.

Ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Machinjiri kuli achinyamata amene akulemba nkhani pa foni n'kumatumizirana. Ena amatenga anthu a m'masewero amene amawakonda, monga Tikuferanji, n'kuwapekera nkhani zatsopano. Izi si zachilendo. Kalulu ndi Fisi alibe mwini wake. Agogo aliyense ankawakometsera m'njira yakeyake. Chachilendo ndi mayankhidwe athu. Mtsikana wa ku Chilomoni akalakwitsa kalembedwe ka mawu, wina amamufunsa ngati anafikako ku sukulu. Wachiwiri amanyoza mtundu wake, wachitatu nkhope yake. Za nkhani ija palibe wanenapo kanthu. Mawa lake mtsikanayo salembanso.

Komatu mzinda uno unaonapo kudzudzulana kwaphindu. Mu 1970, Chancellor College isanasamukire ku Zomba, ili pa Chichiri pompano, ophunzira ndi aphunzitsi ena anayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group. Munali anthu ngati Jack Mapanje ndi Lupenga Mphande. Wolemba ankabwera ndi ndakatulo yake, anzake n'kuisenda mzere ndi mzere iye ali pomwepo. Inali nthawi ya Kamuzu, pamene liwu limodzi losasamala likanakugonetsa m'ndende, ndipo Mapanje anakakhaladi ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mnzako amene ankakuuza kuti mzere uwu sunaphimbike bwino ankakupulumutsa. Mu 1971 gululi linatulutsa buku la ndakatulo 39 lotchedwa Mau. Akanakhala onyozana, sitikanaliona.

Wodzudzula, loza pamene pavunda: tsamba lakuti nkhani yathamanga, munthu uyu wayankhula mosagwirizana ndi msinkhu wake. Unenenso chimene chakoma, poti wolembayo ayenera kudziwa choti asunge. Ngati mawu akowo sungawanene mutakhala moyang'anizana pa benchi pa msika wa Zingwangwa, usawalembe. Madzi akatayika saoleka, ndipo zolembedwa pa foni anthu amazijambula n'kuzisunga. Dziwanso kuti lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limati kuzunza kapena kuopseza munthu pa intaneti ndi mlandu.

Nawe wolemba, usamve kutsinidwa kulikonse ngati udani. Safunsa anadya phula. Wokuuza kuti mathero a nkhani yako ndi ozizira wakuchitira chifundo kuposa anzako khumi okuombera m'manja asanawerenge n'komwe. Ugonere mawu akewo usanayankhe, ukwiye usiku, m'mawa ukonze. Koma wotukwana amayi ako usalimbane naye. Mutsekere kunja, ndipo uuze amene akutsogolera gulu lanu.

Otsalafe, amene timawerenga chipongwecho n'kumasekera kumbali, tisadzinamize kuti sizikutikhudza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa nthano za madzulo, wofotokoza akati "Padangokhala," omvera ankavomera kuti "Tili tonse." Mwana akaphonya nyimbo ya m'nthanoyo, akulu ankamuyambitsira bwinobwino, iye n'kupitiriza mpaka kumapeto. Ankatero podziwa kuti akamukhalitsa chete lero, mawa pamoto sipakhala wofotokoza.