Luso lokonza makala ndi malasha lilipo laulere, koma silidafike kwa Ndamera

NSANJE — Munthu akaima pa siteshoni ya Marka, m'dera la Mfumu Yaikulu Ndamera kumalire a dziko lino ndi Mozambique, amaona mbali ziwiri za vuto la mphamvu m'Malawi muno. Mbali yoyamba ndi njanji yochokera ku Beira, imene m'chaka cha 2024 idabweretsa sitima yonyamula mafuta a galimoto patadutsa zaka zoposa 40 njirayi itatsekeka chifukwa cha nkhondo ya m'dziko la Mozambique. Mbali yachiwiri ndi njinga zakapalasa zonyamula nkhuni ndi matumba a makala, zomwe ndizo zimasunga moto m'makhitchini a m'boma la Nsanje.

Mafuta a pa sitimayo dziko limawagula ndi ndalama zakunja, zomwe zakhala zikusowa. Makala a pa njingawo dziko limawalipira ndi nkhalango zake, zomwe nazo zikutha. Funso limene adindo akuyenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi luso lothandiza kuchepetsa mitengo iwiri yowawayi lili kuti, nanga n'lofunika ndalama zingati? Yankho lake n'lakuti gawo lalikulu la lusoli lidalembedwa kalekale m'zikalata zotchedwa patenti, ndipo lero aliyense angathe kuligwiritsa ntchito osalipira kanthu.

Kodi patenti n'chiyani?

Patenti ndi chiphaso chimene boma limapereka kwa munthu amene watulukira njira kapena chipangizo chatsopano, chomupatsa mphamvu yoletsa ena kuchipanga kapena kuchigulitsa popanda chilolezo chake. Koma chiphasochi chili ndi malire atatu amene ambiri sawadziwa. Choyamba, mwini luso amakakamizidwa kulemba mwatsatanetsatane momwe lusolo limagwirira ntchito, ndipo chikalatacho chimaikidwa poyera. Chachiwiri, chiphasocho chimatha mphamvu. M'maiko ambiri chimakhala zaka 20 zokha. Chachitatu, patenti imagwira ntchito m'dziko lokhalo limene idalembetsedwa.

Izi zikutanthauza kuti luso limene lidalembetsedwa ku Germany, ku India kapena ku China, koma mwini wake sadaliteteze kuno kudzera ku ofesi ya boma yolembetsa kapena ku bungwe la ARIPO, Mmalawi angathe kuligwiritsa ntchito m'dziko muno popanda mlandu. Bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare ndipo Malawi ndi membala, lidakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la 1976, ndipo limalembetsa patenti potsatira pangano la ku Harare la 1982. Zikalata zamtunduwu mamiliyoni ambiri zikupezeka kwaulere pa intaneti, pa Patentscope ya bungwe la WIPO ndi pa Espacenet ya ofesi ya patenti ya maiko a ku Ulaya.

Mafuta ochokera ku malasha

Nthawi iliyonse imene mizere ya galimoto yatalika pa malo omwetsera mafuta, monga zidachitikira mu 2011 komanso m'zaka za 2022 mpaka 2024, pamamveka maganizo akuti dziko lino lipange mafuta kuchokera ku malasha ake. Maganizowa sachokera pachabe. Malasha akhala akukumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, ndipo m'chigwa cha Shire momwe muno muli malasha ku Lengwe m'boma la Chikwawa ndi ku Mwabvi m'boma la Nsanje. Kutsidya kwa malire, mgodi wa Moatize m'chigawo cha Tete, umene kampani ya Vale idatsegula mu 2011 n'kuugulitsa kwa Vulcan mu 2022, umatumiza malasha ake ku doko la Nacala pa njanji yodutsa m'dziko lino.

Luso losandutsa malasha kukhala mafuta nalonso si lachilendo. Friedrich Bergius wa ku Germany adalembetsa njira yake mu 1913, ndipo Franz Fischer ndi Hans Tropsch adatulukira yawo mu 1925. Njira yachiwiriyi imayamba ndi kutenthetsa malasha pamodzi ndi nthunzi ndi mpweya mpaka atasanduka gasi, kenaka gasiyo amamudutsitsa pa chitsulo chapadera chimene chimamusandutsa mafuta. Kampani ya Sasol ya ku South Africa, imene idakhazikitsidwa mu 1950, idayamba kupanga mafuta mwanjirayi ku Sasolburg mu 1955, ndipo pambuyo pake idamanga mafakitale aakulu ku Secunda.

Patenti zoyambirira za njirazi zidatha mphamvu kalekale. Komabe chimene chimaletsa maiko ambiri kutsanzira Sasol si chiphaso, koma ndalama, madzi ndi utsi. Fakitale yotere imafuna madola mabiliyoni, madzi ochuluka ndi mgodi waukulu wodalirika kwa zaka makumi angapo. South Africa idapirira mtengowo chifukwa boma la tsankho linkaopa kumanidwa mafuta ndi maiko ena, ndipo lero Secunda ndi amodzi mwa malo amene amatulutsa mpweya wambiri wotenthetsa dziko padziko lonse. Kuonjezera apo, malasha a ku Lengwe ndi Mwabvi ali m'dera lomwelo limene muli malo otetezedwa a nyama zakuthengo, choncho kuwakumba ndi nkhani yofunika kuilingalira mofatsa.

Ndi bwino kukumbukiranso kuti chigwa cha Shire chikupanga kale mafuta a galimoto mwanjira ina. Kampani ya PressCane ku Chikwawa idayamba mu 2004 kupanga ethanol kuchokera ku molasesi wa ku fakitale ya shuga ya Nchalo, kutsatira fakitale ya ku Dwangwa imene idayamba mu 1982. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo. Phunziro lake n'lakuti luso limene lidakhazikika kuno ndi lomwe lidadalira zotsalira zopezeka pomwepo, osati lomwe limafuna chuma chimene tilibe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Vuto lenileni lili pa mafuwa

Kwa mayi wa kwa Ndamera, vuto la mphamvu si petulo, koma moto wophikira. Ndondomeko ya boma yokhudza makala ya zaka za 2017 mpaka 2027 imanena kuti mabanja oposa 97 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Kalembera wa 2018 adapeza kuti boma la Nsanje lili ndi anthu pafupifupi 300,000, ndipo ochuluka mwa iwo ali m'midzi.

Mitengo ya m'bomali idayamba kuchepa kwambiri m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu othawa nkhondo ku Mozambique adakhamukira kuno mpaka kuchuluka kuposa eni nthaka. Onsewo ankafuna nkhuni ndi milimo. Anthuwo adabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, koma mapiri sadabwerere mwakale, ndipo nkhalango ya Matandwe yakhala ikuvutikabe ndi nkhwangwa. Mapiri akakhala opanda mitengo, madzi a mvula amatsika mwaliwiro, amakokolola nthaka n'kudzaza mitsinje ndi mchenga. Kudula mitengo sindiko kudabweretsa madzi osefukira a mu Januwale 2015, kapena namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, koma kudakulitsa chionongeko chake m'midzi ya m'chigwa.

Lamulo la za nkhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020 pofuna kukhwimitsa zilango kwa ootcha, onyamula ndi ogulitsa makala opanda chilolezo. Ichi n'chofunika, koma chilango pachokha sichiphika nsima. Malinga ngati banja lilibe china chosonkhera moto, thumba limene lalandidwa pa chipata lero limalowedwa m'malo ndi lina mawa.

Luso loyenera dera lino

Apa ndi pamene zikalata zakale za patenti zingathandize. Uvuni wadothi umene ootcha makala ambiri amagwiritsa ntchito ndi woononga: pa makilogalamu 10 a nkhuni pamatuluka makala kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka. Uvuni wotsekedwa bwino, umene umabweza gasi wotuluka m'nkhunizo kuti ayake n'kutenthetsa uvuni womwewo, ungathe kutulutsa makala ochuluka kawiri kuchokera ku nkhuni zomwezo. Mwa kulankhula kwina, thumba limodzi la makala lingadye theka la mitengo imene likudya lero.

Luso lachiwiri ndi la makala oumba. Ellsworth Zwoyer wa ku America adalembetsa patenti ya makala otere mu 1897, ndipo Henry Ford adawatchukitsa pogwiritsa ntchito zidutswa za matabwa ndi utuchi wotsala ku mafakitale ake. Njira yake n'njosavuta: zinyalala zouma amaziotcha mopanda mpweya wambiri mpaka zitada, amazisinja, amazisakaniza ndi chomatira monga phala la chinangwa, dongo kapena molasesi, kenaka amazipsinja m'chikombole n'kuziyanika.

Zipangizo zake ku Nsanje zilipo. Kuli mapesi a mapira ndi mchewere, zitsononkho za chimanga, mankhusu a mpunga wa m'madambo ndi mitengo ya thonje. Mlimi wa thonje amalamulidwa kale kuzula ndi kutentha mitengo yake akatha kukolola pofuna kupha tizilombo. Moto umenewo umapita pachabe chaka ndi chaka, pamene mitengoyo ikadaotchedwa mu uvuni tizilombo tikadafa ndithu, makala n'kutsala. Komabe alangizi akuyenera kusamala kuti mapesi onse asachoke m'munda, popeza nthaka ndi ziweto nazo zimawafuna.

Ngakhale malasha enieni ali ndi luso lake lowachepetsera utsi. Thomas Parker wa ku Britain adalembetsa mu 1906 njira yowatenthetsa pang'onopang'ono kuti phula ndi utsi zichoke asanafike pa mbaula. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa malasha osakonza amatulutsa utsi wa sulufule ndi mpweya wakupha m'nyumba yotseka. Aliyense wofuna kugulitsa malasha ophikira m'makomo akuyenera kuyamba waonetsa kuti adawakonza ndiponso kuti adayesedwa.

Zovuta zake

Sichingakhale chilungamo kunena kuti kuwerenga chikalata cha patenti n'kokwanira. Zikalatazi zili m'Chingerezi chovuta kapena m'zinenero zina, ndipo kawirikawiri sizinena zonse zimene mmisiri amaphunzira pogwira ntchito. Makala oumba akachuluka dongo amatulutsa phulusa lambiri ndipo sachedwa kukhumudwitsa wophika. Akachepa chomatira amafumbutuka pa njinga asanafike pa msika. Ntchito zambiri zoterezi zakhala zikufa thandizo la mabungwe likangotha, chifukwa makala oumba amapikisana ndi makala a mtengo umene woudula sadaulipire.

Ngakhale zili choncho, umboni ulipo wakuti luso losavuta limafala likapeza mwini. Mbaula ya Chitetezo, youmbidwa ndi dongo ndi magulu a m'midzi, idafalikira m'maboma ambiri boma litalengeza mu 2013 cholinga chofikitsa mbaula zosaononga nkhuni mamiliyoni awiri pofika 2020. Nakonso ku Viphya, kampani ya Kawandama Hills idapatsidwa chilolezo chootcha makala kuchokera ku mitengo yodzala yokha, zomwe zidasonyeza kuti makala ovomerezeka ndi otheka.

Ntchito ya adindo

Udindo woyamba uli kwa ophunzira. Bungwe loona za sayansi ndi luso la NCST pamodzi ndi sukulu za ukachenjede za MUST ndi MUBAS angathe kusankha njira zochepa zimene patenti zake zidatha mphamvu, kuziyesa ndi zinyalala za m'chigwa cha Shire, n'kulemba malangizo ake m'Chichewa ndi m'Chisena okhala ndi zithunzi ndi miyeso. Bungwe la TEVETA lingaphunzitse amisiri owotcherera zitsulo kupanga mauvuni a migolo ndi zikombole, pamene bungwe loona za miyezo la MBS lingaonetsetse kuti wogula sakupusitsidwa ndi makala odzaza dothi.

Udindo wachiwiri uli ku khonsolo. Sukulu zophika phala, zipatala ndi ndende zimagwiritsa ntchito nkhuni zambiri mwezi uliwonse. Khonsolo itati igwirizane ndi malo amenewa kuti gawo lina la moto wawo lichokere ku makala oumba a magulu a m'deralo, maguluwo angakhale ndi msika wodalirika umene sudalira mabungwe. Alangizi a za nkhalango ndi a zaulimi, pamodzi ndi makomiti a chitukuko a kwa Ndamera, ndi amene angadziwe ootcha makala amene ali okonzeka kusintha ntchito yawo n'kulandira chilolezo.

Udindo wachitatu ndi woteteza luso la Amalawi eni. Mmisiri wa ku Bangula kapena pa Nsanje boma akakonza chikombole chopsinja bwino kuposa zakale, akhoza kuchiteteza kudzera m'chiphaso chaching'ono cha zaka 10 chimene pangano la ku Harare limalola. Ndondomeko ya dziko lino yokhudza umwini wa luso, imene idakhazikitsidwa mu 2019, idzakhala ndi phindu pokhapokha amisiri otere atamva za iyo. Maiko osauka, kuphatikizapo Malawi, adapatsidwanso nthawi mpaka 2034 asanakakamizidwe kutsatira malamulo ambiri a bungwe la zamalonda la WTO okhudza umwini wa luso. Imeneyi ndi nthawi yophunzira ndi kutsanzira mwalamulo, ndipo ikutha.

Masomphenya a Malawi 2063 amaika mafakitale ngati umodzi mwa mizati itatu ya chitukuko. Fakitale siyamba nthawi zonse ndi chumuni chachitali. Nthawi zina imayamba ndi mgolo, chikombole ndi gulu la anthu khumi odziwa chochita. Njanji ya Marka ikhoza kupitiriza kubweretsa mafuta a galimoto kuchokera ku Beira, koma moto wa pa mafuwa kwa Ndamera sudzabwera pa sitima. Udzachokera m'mapiri amene atsala pang'ono kuyera, kapena m'mapesi amene akupsa pachabe m'minda. Luso losankhira njira yachiwiriyi lidalembedwa kale. Chatsala ndi wogwira ntchito m'boma amene angalitenge pa kompyuta n'kulifikitsa pa bwalo la mfumu.