Mwana adziwe msuku asanaloweze mitengo ya ku England

Makolo ena m'matauni mwathu, ngakhalenso abale athu a ku Johannesburg ndi ku London, ayamba kuphunzitsa okha ana awo pakhomo. Pamenepo ndilibe nawo mlandu. Amene anasuzumirako m'kalasi ya sitandade 1 momwe mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100, sangawafunse chifukwa. Mlandu wanga uli pa katundu amene akuitanitsa kunja kuti aziphunzitsira.

Ena mwa iwo amati akutsata njira ya Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku England amene analemba buku la Home Education mu 1886, n'kudzatsegula sukulu yosula aphunzitsi ku Ambleside. Mayiyu ankafuna kuti phunziro la mwana wamng'ono lisapitirire mphindi 20. Ankati mwana awerengeredwe mabuku enieni, amve kamodzi kokha, kenako afotokoze yekha zomwe wamva. Masana atuluke panja, aone mbalame, tizilombo ndi masamba, ajambule m'kope mwake.

Zonsezi n'zabwino. Koma taonani zimene zikuchitika pakhonde. Mwana wagwira tabuleti, akukopera tsamba la mtengo wa ku Ulaya umene sanaukhudzepo, akuloweza miyezi ya chipale chofewa. Kuseri kwa nyumba mvula yoyamba yagwa, ngumbi zikutuluka pachulu, apumbwa akuzithyola m'mwamba, ndipo palibe womuitana kuti adzaone. Mufunseni kuti masuku amapsa liti, kapena chifukwa chake mitengo ya mombo imaphuka masamba ofiira dzinja lisanafike, angokuyang'anani. Mason ankalemba za mitengo ya kwawo chifukwa ndiyo inali pakhomo pa ana amene ankawaphunzitsa. Wokopera mndandanda wake osasintha kanthu, njirayo waiphonya.

Nanga mabuku? Shakespeare awerenge ndithu, nthawi yake ikakwana. Koma kodi pashelefu imeneyo pali Nthondo ya Samuel Josia Ntara, imene inapambana mpikisano mu 1933 n'kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira? Pali Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe? Pali za E.J. Chadza, Willie Zingani kapena Jolly Max Ntaba? Ndikudziwa kuti ena mwa mabukuwa kuwapeza n'kovuta masiku ano, ndipo manyazi ake ndi a tonse, osindikiza ndi ogula omwe. Koma kholo lotha kulipira madola kuti bokosi lichokere ku America silingalephere kufunsa kwa mphunzitsi wopuma ntchito wa kumudzi kwawo.

Chondiseketsa china n'chakuti luso lofotokoza zomwe wamva, limene makolowa amalitama ngati lachilendo, agogo athu analiphunzitsa kalekale pamoto madzulo. Lero agogowo akabwera kudzacheza amauzidwa kuti asasokoneze mwana ndi Chichewa. Bambo wosamala maluwa panyumbapo, amene amadziwa dzina la udzu uliwonse ndi kulira kwa mbalame iliyonse, sawerengedwa n'komwe ngati mphunzitsi.

Inu amene ana anu ali pasukulu ya boma, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya olemera okha. Kope limodzi, pensulo ndi Loweruka m'mawa zikwanira. Inunso ophunzitsa pakhomo, musanaitanitse bokosi lina, tulukani naye mwanayo, mumutchulire mitengo isanu ya pabwalo panu m'chinenero cha amayi ake. Ikakuvutani, itanani agogo akuthandizeni.