Tisagulitse Galimoto Yakale pa Sikelo Tisanaone Chasisi

Ukapatuka mumsewu wa M3 pa Songani kapena pa Domasi n'kulowa m'midzi, sulephera kuona galimoto yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba: Land Rover yomwe nkhuku zimaikiramo mazira, Hilux yopanda matayala, Isuzu KB yomera udzu pansi. Mathero ake ndi odziwika. Ogula zitsulo amabwera ndi sikelo, mwini wake amalandira ya ndiwo za masiku ochepa, ndipo bodi ya Land Rover imakasungunulidwa n'kukhala mapoto. Ine ndikuti ambiri mwa magalimotowa tikuwataya akadali ndi moyo, chifukwa moyo wawo uli pa chasisi, ndipo chasisi imakonzeka pakhomo pomwepo.

Sienta ndi Probox zomwe zadzaza m'misewu yathu zinapangidwa bodi ndi tsinde kukhala chinthu chimodzi, kotero dzimbiri likadya pansi kapena ngozi ikapinda, ntchito yokonza imaposa mtengo wa galimoto. Mapikapu akale ali ndi zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zopingasa ngati makwerero, zomwe ndizo chasisi, ndipo bodi inangomangidwa pamwamba ndi mabawuti. Land Rover ndiye imanyenga kwambiri. Chiyambire 1948 bodi yake inkapangidwa ndi aluminiyamu, popeza chitsulo chinkasowa ku Britain nkhondo itangotha, choncho kunja imaoneka yabwinobwino pamene chasisi, yomwe ndi yachitsulo champhako, ikuwola kuyambira mkati. Kuno mvula yotsika m'mapiri a Zomba ndi Malosa imasandutsa misewu yopita ku nyanja ya Chilwa kukhala matope okhaokha. Matopewo amalowa m'mabowo a chasisi n'kusunga chinyezi mpaka chilimwe, makamaka pa chitsulo chopingasa chakumbuyo ndi pomwe pamagwira masipuling'i.

Ntchito yake imafuna kudekha kuposa makina. Munthu amachotsa batire ndi thanki ya mafuta kaye, chifukwa moto wa wowotcherera suyanjana ndi fungo la petulo. Kenako amamasula mawaya, mapaipi a mabuleki ndi chiwongolero, chilichonse akuchiika chizindikiro, mabawuti akale atawanyowetsa ndi oyilo kwa masiku angapo. Bodi imakwezedwa ndi jeke pang'onopang'ono, n'kugonekedwa pa mitengo ya bulugamu yosanjikidwa pa migolo inayi, chasisi n'kukankhidwira panja ndi matayala ake. Apa mpamene choonadi chimaonekera. Nyundo ikamenya chitsulo chabwino chimalira ngwe, chowola chimangoti phu, dzimbiri n'kuyoyoka. Chingwe chokokedwa kuchokera ku kona yakutsogolo kumanja kufika ku kona yakumbuyo kumanzere chiyenera kufanana kutalika ndi cha mbali inayo, apo ayi chasisi inapindika. Pomwe pawola pamadulidwa ponse, pamaikidwa chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana, kenako penti ya red oxide kunja ndi oyilo mkati.

Otsutsa amati chasisi yowotcherera pansi pa mtengo wa mango ingaphe anthu, poti magalimotowa amanyamula matola ndi matumba a mpunga. Mantha awo ndi omveka, makamaka tikaona makina ena owotcherera olukidwa pamanja, ndi magetsi ozimazima omwe amadukiza ntchito pakati. Koma magalimoto oopsawo ali kale pamsewu. Ndi aja amene makaniko anakwawira pansi n'kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri, mwini wake n'kuwononga ndalama pa penti yonyezimira. Kuchotsa bodi ndiye njira yokhayo yoonera pamwamba pa chasisi, pomwe diso silifika. Chofunika n'chakuti a Road Traffic popereka COF azilowa pansi ndi tochi osangoyang'ana magetsi ndi matayala, ndiponso kuti galimoto yomangidwanso iziyesedwa isananyamule munthu. TEVETA, yomwe yakhalapo kuyambira 1999, ingathe kuonetsetsa kuti masukulu ngati Nasawa Technical College m'boma lathu lomwe lino la Zomba akuphunzitsa kuwotcherera chasisi, komwe n'kosiyana ndi kupanga mafelemu a mawindo. Wokonzanso asamale nambala yodindidwa pa chasisi, pakuti akaidula apolisi adzaiyesa galimoto yakuba.

Ena amati kuli bwino kungoitanitsa galimoto ina ku Japan. Mawu amenewa ankamveka kale. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo galimoto yodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe imalipiridwa ndi madola, msonkho wa MRA n'kubwera pamwamba. Ndalama yambiri yokonzera chasisi ndi makwacha opita kwa wowotcherera wa pa Songani ndi mnyamata wopala dzimbiri. N'zoona kuti Land Rover ya petulo imamwa mafuta, ndipo wofuna takisi ya Zomba ndi Liwonde asaiganizire n'komwe. Malo ake ndi kudambo mu Febuluwale, komwe Sienta imakhudza mimba pansi isanafike pa mlatho woyamba. N'zoonanso kuti chasisi ina inafa, inawola mbali zonse ziwiri kapena inapotoka pa ngozi, ndipo imeneyo ipite ndithu kwa a sikelo. Koma zimenezi munthu amazidziwa atakweza bodi ndi kumenya nyundo, ntchito ya anthu anayi ndi jeke yobwereka.