Kodi ku Phalombe tizipitako akagwa Napolo basi?

Pemphani kampani yoyendetsa alendo mu Blantyre kuti ikukonzereni ulendo wa tsiku limodzi wolowera kummawa, chakumalire ndi Mozambique. Ndondomeko yake mutha kuilosera musanaione: minda ya tiyi ya ku Thyolo, nkhomaliro pa boma la Mulanje, kukwera pang'ono ku Likhubula kukaona mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba, kenako kubwerera dzuwa lisanalowe. Galimoto ikakhota pa Chitakale imakathera pa Likhubula, chonsecho msewu womwewo, wa tala, umapitirira mpaka ku Phalombe.

Alendo amene Phalombe imawadziwa ndi amtundu wina. Amabwera pa mdipiti wa magalimoto oyera, nduna zitavala magambuti, atolankhani ali pambuyo. Anabwera mu Malichi 1991, phiri la Michesi litalavula miyala, matope ndi zipika zomwe zinapha anthu mazanamazana. Anabweranso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasesa dera la Nkhulambe mpaka kuononga chipatala chake. Thandizo lawo sitikulinyoza. Koma nzomvetsa manyazi kuti boma lomwe linaima palokha mu 1998, lokhala ndi anthu oposa 400,000, dziko limalikumbuka pokhapokha kukakhala maliro.

Ine ndikuti Phalombe ili kale ndi ulendo wa tsiku lathunthu, wokoma kuposa woonera tiyi pawindo la galimoto, ndipo chomwe chikusowa si ndalama za azungu ayi. Chikusowa ndi munthu woti aukonze.

Yambirani pa mpata wa Fort Lister, pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Mukaima pamenepo simusowa mphunzitsi wokuuzani chifukwa chomwe njira inkadzera apa: mapiri atchinga uku ndi uku, khomo ndi lomweli. Magulu a akapolo ogwidwa kumtunda kuno ankadutsitsidwa pampatapa ulendo wa kugombe la Quelimane. Mu 1893 boma la atsamunda la Harry Johnston linamanga linga pamalopa pofuna kutseka njirayo, m'zaka zomwe linkalimbana ndi mafumu amphamvu a m'derali monga Mkanda ndi Matipwiri. Lero patsala zigumukire za makoma ndi manda. Mabuku a alendo akunja sakhala osatchula manda a Gilbert Stevenson, m'bale wake wa mlembi Robert Louis Stevenson. Mzungu mmodziyo dzina lake lasungika bwinobwino. Nanga makolo athu amene anadutsa pamenepa magoli ali m'khosi, akuwatchula ndani? Mu 2011 Malawi anaika njira za akapolo, kuphatikizapo Fort Lister, pa mndandanda wa malo amene akufuna kuti bungwe la UNESCO lidzawavomereze. Kalata zinapita ku Paris. Mwana wa fomu 2 wa ku Migowi, amene akuloweza za malonda a akapolo kuti akalembe mayeso, mwina sanapondepo pamalo pomwe malondawo ankadutsa, pamtunda woti kabaza atha kumufikitsa.

Pamenepa mpamene wolondolera alendo amafunika, ndipo akhale mwini dera. Mnyamata wobwerekedwa ku Blantyre adzawerenga chaka ndi dzina la mzungu, basi. Mwana wa kwa Mkhumba, kwa Nazombe kapena kwa Kaduya adzakuuzani momwe agogo a agogo ake anaolokera kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, kuthawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi, nkudzapeza thangata akuwadikira kuno. Adzakuuzani kuti malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula mabanja pakati, ndipo mpaka lero anthu a chaku Chiringa amaoloka kukalira maliro, kukakwatira ndi kukagula chimanga. Gule wa tchopa, amene UNESCO inamuzindikira mu 2014, kwawo nkomwe kuno. Tisamachite kudikira mwezi wa Okutobala kuti tikamuonere pa mwambo wa pachaka wa pa Chonde andale atakhala kutsogolo. Ndipo nkhomaliro ya mlendo ikhale kalongonda, makaka ndi nandolo, ndi thobwa lotsitsira, yophikidwa ndi amayi a m'mudzi pamtengo womwe agwirizana okha. Tchipisi ndi nkhuku akadye akabwerera kwawo.

Pampata pomwepo mpamene pamayambira njira yokwera ku Sombani, kumene kuli kanyumba kogona okwera phiri, pansi pa nsonga ya Namasile. Ambiri amaiwala kuti mbali yakumpoto ya phiri la Mulanje ili m'boma la Phalombe. Mu Julaye 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo ulemu umenewo ndi wa maboma onse awiri. Tsono mkungudza, womwe unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu ndi macheka komanso moto. Ocheka ndi onyamula matabwa timawatukwana m'nyuzipepala chaka ndi chaka. Koma ndani akudziwa kanjira kalikonse ka m'phirimo kuposa mnyamata amene watsika nako thabwa lili pamutu usiku? Sindikunena kuti kulondolera alendo kungalembe ntchito onsewo. Ndikunena kuti ngati phiri silikupatsa munthu ndalama lili chilili, adzalidya pogwetsa, ndipo mapiri akayera tonse tikudziwa chomwe mvula ya Malichi imachita.

Masana tsikirani kuchigwa, kulowera ku thamanda la Mpoto ndi madambo a nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwerapo mu 1968 ndi 1995, ndipo inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Mbalame, mabwato, matemba ali pathandala, asodzi ofotokoza momwe nyanja imathawira ndi kubwerera: zakwana kudzaza madzulo.

Ena adzati kuonetsa alendo zipsera za Michesi ndi miyala ya ku Nkhulambe nkuchita malonda ndi misozi ya anamfedwa. Mantha amenewa ndi oona, ndipo mudzi umene sukufuna usakakamizidwe. Komatu zithunzi za anthu omwewa zazungulira kale dziko lonse m'malipoti opemphera ndalama, eni ake osafunsidwa. Ngati nkhani ya Napolo ikambidwe, aikambe ndi amene anapulumuka, pamalo achikumbutso omwe asankha okha, ndipo mlendo aone ndi maso kukula kwa mwala umene madzi anagubuduza. Wophunzira amene waima pafupi ndi mwala wotero sadzafunanso ndakatulo yomuuza ubwino wa mitengo.

Enanso adzati kulibe mahotela. Ulendo wa tsiku limodzi sufuna hotela. Umafuna chikwangwani pamphambano, chimbudzi chaukhondo, udzu wotchetcha pa linga, anyamata ndi atsikana ochepa ophunzitsidwa mbiri ndi chithandizo choyamba, ndi nambala ya foni yoti munthu akaimba iyankhidwe. Zonsezi sizingafike pamtengo wa msonkhano umodzi wa maalawansi wa ku Mangochi wokambirana za kutukula ntchito zokopa alendo. Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu zimamanga milatho ndi midadada ya sukulu. Kachigawo kochepa kangakwanitse izi.

Ndipo tileke kuganiza kuti mlendo ndi mzungu. Sukulu za ku Zomba ndi Blantyre, makwaya a mipingo, magulu a banki m'khonde amene amasonkha ndalama chaka chonse kuti akasambe ku nyanja, amenewa ndiwo msika woyamba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala misewu yafumbi ikauma. Khonsolo ya Phalombe, nthambi ya zankhalango, nthambi yosunga zinthu zakale ndi mafumu akhale pansi chilimwe chikubwerachi chisanafike, agwirizane njira, asankhe olondolera, ndipo mitengo ailembe poyera m'makwacha, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, pamodzi ndi gawo lomwe lizitsala m'mudzi.